Funsani Aphunzitsi: Mawu oti "Chartered" pa botolo la chiponde

FUNSO

Aphunzitsi, ndine mlembi wa kilabu ya amayi kuno ku Chadiza. Tilipo 23, timalima nshawa za chalimbana, ndipo chaka chatha tinasonkherana n'kugula kamakina kogayira chiponde. Tsopano tikufuna kusindikiza timapepala tomata pa mabotolo. Mwana wa akulu anga, amene amaphunzira ku Lusaka, akuti tilembe mawu oti "Chartered" kutsogolo kwa dzina la kilabu kuti anthu a m'tauni atipatse ulemu. Iye akuti mawuwa amatanthauza gulu lovomerezeka ndi akuluakulu. Ine ndimawaona pa chikwangwani cha banki ndi pa zitseko za anthu owerengera ndalama. Komanso malemu agogo anga, tikawafunsa zaka zawo, ankangoti "ndinabadwa nthawi ya Chatalandi". Kodi amenewa ndi mawu amodzimodzi? Anachokera kuti? Nanga ife tingawalembe pa botolo osapalamula? Kilabu yathu sitinailembetse kulikonse, koma a mfumu amatidziwa.

Mlembi wa kilabu, Chadiza

YANKHO

Mayi, safunsa anadya phula. Mwachita bwino kufunsa ndalama za kilabu zisanapite kwa osindikiza. Yankho lalifupi ndi lakuti musalembe. Koma mwandifunsa zinthu zitatu m'kalata imodzi, ndipo ya agogo anu ija yandikhazika pakhonde mpaka udzudzu kundithamangitsa, choncho mundilole ndiyambire kutali.

Mawu amene akukuopsaniwa inu mumawatchula tsiku ndi tsiku. Chimene mwanditumizirachi, cholembedwa pa pepala lothothola pakati pa kope la mwana wasukulu, mumachitcha chiyani? Kalata. Ndiyetu mawu a Chingelezi oti charter ndi athu oti kalata ndi ana a mimba imodzi. Anasiyana njira kalekale, wina kudzera kwa Apwitikizi, wina kwa Afalansa ndi Angelezi, n'kudzakumana konkuno kum'mawa kwa Luangwa osazindikirana nkhope.

Kholo lawo ndi gumbwa, chomera chija cha m'madzi. Aigupto akale ankasenda phesi la gumbwa, kucheka mtima wa phesilo m'timizere topyapyala, kuyala tina chotalika tina chopingasa, kupsinja ndi kuyanika padzuwa. Chikauma chinkakhala chinthu cholembapo. Agiriki ankachitcha khartes. Aroma anatenga mawuwo n'kumati charta, ndipo kakang'ono kake ankati chartula, monga mmene ife tinganenere kuti kakalata. Ngakhale mawu oti pepala, mukawalondola bwinobwino, amakathera pa dzina lina la gumbwa yemweyo, papyrus.

Chilatini cha Aroma chitabala zilankhulo zina, Apwitikizi anatsala ndi carta. Anthu amenewa anakwera mtsinje wa Zambezi kale kwambiri. Ku Sena ndi ku Tete analiko m'zaka za m'ma 1500, kenako anafika ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero timati ku boma la Luangwa. Ankagula minyanga kwa anthu a Undi, ndipo mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anadutsa m'dziko la Achewa pa ulendo wawo wopita kwa Mwata Kazembe. Lilime lathu silikonda zilembo zouma zogundana, choncho carta uja tinamuthira "a" pakati, "r" n'kufewa: ka-la-ta. Anabwera m'thumba limodzi ndi nsapato, mbatata, chipewa, mbendera ndi kapitawo. Onsewa ndi alendo a Chipwitikizi amene anakhazikika mpaka kuiwalika kuti ndi obwera.

M'bale wake anadzera kumpoto. Kwa Afalansa chartula anasanduka chartre. Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka zambiri chilankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi kubwalo la milandu chinali Chifalansa. Pofika cha m'ma 1200 mawuwo anali atalowa m'Chingelezi. Khadi yanu ya kusikelo ya ana ndi katoni yoikamo mabotolo anuwo ndi adzukulu a mbumba yomweyi.

Apa ndiye panasiyana mwayi wa abale awiriwa. Kalata wathu anakhala wa aliyense: mnyamata wofunsira mbeta, mwana wopempha ndalama ya fizi, bambo ali ku migodi ya ku Wankie kulembera akazi ake. Charter anakhala kalata ya mfumu basi. Inkalembedwa pa chikopa chosalala, pansi pake pakulendewera chidindo cha phula chachikulu ngati chikhatho, chomangidwa ndi chingwe. M'kati mwake mfumu inkanena kuti yapereka ufulu wakutiwakuti kwa anthu akutiakuti. Mudzi waukulu unkapatsidwa ufulu wokhala ndi msika ndi kutolera msonkho wake. Amisiri oluka nsalu ankapatsidwa ufulu wokhala gulu ndi kuletsa ena kugwira ntchito yawo. Masukulu akuluakulu nawonso ankayamba choncho. Yotchuka kuposa zonse ndi Magna Carta, kutanthauza Kalata Yaikulu, imene nduna zinakakamiza Mfumu John kudindapo pa 15 Juni 1215, yonena kuti mfumu nayo ili pansi pa lamulo. Mukuona, carta uja ndi ameneyu, wosavala ndi chipewa chomwe. M'masiku athu ano mawuwa anakula n'kumatanthauzanso chikalata chokhazikitsira bungwe lalikulu, monga cha United Nations chimene anasaina ku San Francisco pa 26 Juni 1945.

Choncho chartered ndi kunena kuti "chopatsidwa kalata yotere". Mwana wa akulu anu sananame. Wangoiwala kuti mawuwa amanena za pepala lenileni, loti wina akhoza kukuuzani kuti tulutsani tilione.

Mphamvu yaikulu ya kalata imeneyi inali yosandutsa chigulu cha anthu kukhala munthu mmodzi pamaso pa lamulo. Tiyerekeze ndi kilabu yanu. Kamakina kanu kogayira kaja n'ka yani? Inu muti n'ka kilabu. Koma lero wina atakanyamula usiku, kukhoti adzafunsa dzina la mwini wake, ndipo lisiti mwina linalembedwa m'dzina la amayi amene anapita kukagula ku Down Shops tsiku limenelo. Amayiwo, Mulungu aletse, atatisiya, abale awo akhoza kukawerengera pa katundu wamasiye pamodzi ndi mapoto ndi njinga. Gulu lokhala ndi kalata silikhala choncho. Limakhala ndi dzina lakelake, limagula, limakongola, limasuma ndi kusumiridwa, ndipo mamembala akamwalira ilo limatsala. Aroma thupi ankati corpus, ndipo n'kumene kunachokera mawu oti corporation amene mumawamva pa dzina la ZESCO ndi ZNBC: anthu ambiri, thupi limodzi.

Amalonda ataona ubwino wake anayamba kugwada kwa mafumu kupempha makalata. Pa 31 Disembala 1600 Mfumukazi Elizabeth Woyamba anapereka kalata kwa East India Company. Mu 1670 inaperekedwa ina kwa Hudson's Bay Company ya ku Canada. Makampani amenewa sanathere pa kugula ndi kugulitsa. Anafika pokhala ndi asilikali awo, makhoti awo ndi msonkho wawo, kampani kumachita ngati boma. Nthawi yolimbirana Africa itakwana, boma la Britain linakumbukira njira yakaleyi chifukwa inali yotchipa: dziko likhale la Mfumukazi, koma ndalama zolilandira ndi kulilamulira zituluke m'matumba a eni masheya. Royal Niger Company inalandira yake mu 1886, Imperial British East Africa Company mu 1888, ndipo pa 29 Okutobala 1889 Mfumukazi Victoria anapereka kalata kwa British South Africa Company ya Cecil Rhodes.

Tafika kwa agogo anu tsopano.

Kalata ya Rhodes inatchula malire a kumwera ndi a kum'mawa, koma kumpoto inasiya pululu, osanena pamene kampani iyenera kulekezera. Maziko ake anali chipepala chimene Charles Rudd anasainitsa Lobengula, mfumu ya Amandebele, mu 1888. Lobengula atazindikira zimene zinalembedwamo anatuma nduna zake mpaka ku London kukadandaula, koma kalata ya Mfumukazi inatulukabe. Mu 1891 mphamvu za kampani zinaoloka Zambezi. Azungu anzawo sankavutika n'kutchula dzina lonse la kampaniyo, ankangoti "the Chartered", ndipo dziko limene inkalamulira ena ankalitcha Charterland, dziko la kalata. Chatalandi wa agogo anu ndi ameneyo.

Kwathu kuno dzinali linamatirira chifukwa cha kampani ina yaing'ono. Kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni, kunkakhala Mjeremani wina wogula minyanga, Carl Wiese, amene ankati mfumu inamupatsa mapepala a malo ndi miyala ya pansi. Mapepalawo anadutsa m'manja angapo mpaka mu 1895 anafika kwa North Charterland Exploration Company, imene inawerengedwa kuti ndi mwini wa dera lokwana pafupifupi masikweya mailosi 10,000. Onetsetsani apa, Mayi, chifukwa pakukhudza funso lanu: kampani imeneyi inalibe kalata ya Mfumukazi yakeyake. Inangobwereka dzina n'kutsamira pa mkulu wake, kampani ya Rhodes ija. Ankayembekeza golide wochuluka. Angoni ataona kuti alendo akuchulukira, zinthu zinavuta, ndipo mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland anabwera ndi mfuti za chiwaya. Nthungo ndi zishango sizinalimbe. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera nkhondo, anagwidwa n'kuomberedwa, ng'ombe zambirimbiri zinatengedwa, ndipo Nc'wala inazima mpaka inadzatsitsimutsidwa mu 1980. Tauni imene inamangidwa pambuyo pake anaitcha Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, dzanja lamanja la Rhodes. Inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Ndi Chipata yomweyi imene mukufuna kudzagulitsamo chiponde.

Golide wochuluka uja sanapezeke, kampani inatembenukira ku malo ndi fodya. M'zaka za m'ma 1920 anadula malo otchedwa malizevu, anthu n'kupanikizidwamo kuti nthaka yabwino idikire alimi achizungu. Ambiri mwa alimiwo sanabwere n'komwe. Minda yosiyidwa inamera tchire, m'tchiremo munabwerera nyama ndi kashembe, uku m'malizevu nthaka ikuguga chifukwa cha kuthinana. Ulamuliro wa British South Africa Company unatha pa 1 Epulo 1924 pamene boma la Britain linatenga dziko m'manja mwake, ndipo mu 1941 boma linagula malo otsala a North Charterland n'kuyamba kubwezeramo anthu. Koma kampani ya Rhodes inagwiritsitsa miyala ya pansi. Mkuwa uliwonse wotuluka ku migodi inkadyapo, mpaka maola omaliza ufulu usanafike pa 24 Okutobala 1964, pamene inavomera kusiya italipidwa mapaundi 4 miliyoni, theka lochokera ku Britain, theka ku boma lathu latsopano. Dziko linayamba ndi kuwombola chuma cha pansi pa mapazi ake.

Bambo anga nawo zaka ankaziwerenga motero, "nthawi ya Kampani" ndi "nthawi ya Gavinala". Ndili mwana ndinkayesa Kampani ndi dzina la mfumu.

Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa mbiri, ana ankandifunsa funso limodzi limene mabuku athu sankaliyankha: kodi Mfumukazi inapereka bwanji dziko limene silinali lake? Mayi uja sanamwepo madzi a Lutembwe, sanaone phiri la Kanjala. Kalata yake inali ndi chidindo chenicheni, maloya a ku London anaivomereza, koma eni nthaka sanafunsidwe. Ndiye ine ndikamva munthu akutamanda chinthu kuti n'chovomerezeka, ndimafuna ndidziwe kuti wavomereza ndani, ndipo iyeyo mphamvuzo anazitenga kwa yani. N'chifukwa chake mawu oti "Chartered" pa botolo la nshawa zolimidwa ku Chadiza, dera limene linadziwa Chatalandi ndi thupi lomwe, akundimvekera ngati kuveka mwana malaya a munthu amene analanda munda wa agogo ake. Awa ndi maganizo anga chabe, si lamulo.

Za banki ndi zachidule. Mu 1853 James Wilson analandira kalata ya Mfumukazi Victoria yoyambitsira Chartered Bank of India, Australia and China. Kwina kunali Standard Bank ya ku South Africa, imene inatsegula nthambi yake yoyamba m'dziko muno ku Kalomo mu 1906. Mabanki awiriwa anaphatikizana mu 1969, aliyense n'kubweretsa theka la dzina, Standard Chartered. Choncho pa chikwangwani chija mawuwo akukumbutsa kalata yeniyeni ya 1853.

Owerengera ndalama nkhani yawo inayambira ku Scotland, kumene gulu lawo la ku Edinburgh linalandira kalata yachifumu mu 1854, mamembala n'kuyamba kudzitcha chartered accountants. A ku England analandira yawo mu 1880. Apa kalata ndi ya bungwe, ndipo munthu amabwereka dzinalo pokhapokha bungwe litamuyesa mayeso n'kumulemba m'kaundula. Kwathu kulibe mfumukazi yodinda makalata. Mphamvu imeneyo ili ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo bungwe la owerengera ndalama la ZICA linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1982, limene linalowedwa m'malo ndi la 2008. Munthu wodzitcha dzinali asanalembedwe kumeneko amapalamula mlandu. Inu simukudzitcha owerengera ndalama, komabe kulemba pa katundu wogulitsa chinthu chimene mulibe ndi kunamiza ogula, ndipo wina wa nsanje pa msika wa Kapata akhoza kukuvutitsani nazo.

Nanga gulu la anthu wamba limavomerezeka bwanji masiku ano? Angelezi omwewo anatopa ndi kugwadira mfumu. Mu 1844 anakhazikitsa lamulo loti kampani ingathe kubadwa pongolembetsa kwa mlembi wa boma, ndipo mu 1855 anawonjezera loti kampani ikagwa, mwini sheya amangotaya zimene anaikamo, nyumba yake ndi ng'ombe zake osakhudzidwa. "Limited" amene mumamuona kumapeto kwa maina a makampani akunena zimenezo. Njira yolembetsayi ndi imene ife tinatengera. Makampani ndi maina a bizinesi amalembetsedwa ku PACRA. Mipingo, mabungwe ndi makilabu amapita kwa mlembi wa mabungwe amene ali pansi pa unduna wa za m'dziko. Makopaletivu ali ndi mlembi wawo, pansi pa lamulo la 1998, ndipo anthu khumi ndi okwana kuyambitsa. Kwa inu olima ndi kugulitsa limodzi, ine ndingasankhe kopaletivu, chifukwa ikalembetsedwa imakhala thupi lija ndanena, kamakina n'kukhala ka gulu m'dzina ndi m'lamulo momwe. Pitani ku boma mukaonane ndi ofisala wa makopaletivu. Mutenge malamulo a kilabu olembedwa bwino, maminitsi a msonkhano umene munagwirizana zolembetsa, maina a mamembala ndi mareji awo. Satifiketi imeneyo ndi imene amaifunsa potsegula akaunti ya gulu ndi popempha thandizo la CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, limene mu 2022 linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse.

Zimenezi ine ndinaziphunzira ndi manyazi. Ndili mphunzitsi kumudzi, tinayambitsa kagulu kothandizana pa maliro, ndipo anandisankha kukhala msungichuma. Ndalama zinkagona m'chitini cha mkaka wa ana pansi pa bedi langa, ine osagona. Zitachuluka tinagwirizana zokatsegula akaunti. Ndinadzuka tambala woyamba, chitini m'chikwama, chikwama chomangidwa ndi mphira pa kaliyala, n'kupalasa mpaka m'tauni. M'thumba la shati ndinali ndi kalata yolembedwa ndi a hedi, yotayipidwa bwino, ya chidindo cha sukulu chofiirira, chodinda kawiri kuti chioneke. Pa kauntala ndinapeza mtsikana amene ndinamuphunzitsa giredi 6. Anaimirira, kundipatsa moni wa manja awiri, kuiwerenga kalata ija mpaka pansi, n'kuipinda mmene inalili. Kenako anatsitsa mawu kuti a pamzere asamve. "Aphunzitsi, chidindochi n'chabwino, koma a hedi alibe mphamvu yobala bungwe." Ndinabwerera ndi chitini changa dzuwa lili paliwombo, ndalama zasiliva zikulira pa bampu iliyonse ngati zikundiseka. Satifiketi yeniyeni inadzabwera patapita miyezi, kapepala kamodzi kopanda ulemerero uliwonse. Tinakaika m'pulasitiki ya shuga n'kukasunga m'bokosi lachitsulo poopa chiswe, ndipo ulendo wachiwiri akaunti inatseguka tiyi asanazizire.

Mwati a mfumu amakudziwani. Zimenezo musazipeputse. Pa nkhani ya malo omangapo kanyumba ka makina, mawu awo ndi amene adzayambe, ndipo kalata yawo yokuchitirani umboni idzakuthandizani ku boma. Kungoti banki ndi khonsolo zimafuna nambala ya m'kaundula.

Pa botolopo lembani dzina la kilabu m'chilankhulo chathu, mudzi ndi boma, zimene zili m'katimo, kulemera kwake, tsiku logaya ndi tsiku lothera. Nambala ya satifiketi ikabwera muionjezere pansi. Ndipo ndikuuzeni chimene amayi a m'tauni amaopa pa chiponde: chuku. Nshawa zosauma bwino, kapena zonyowetsedwa kuti zisendeke msanga, zimagwira poizoni wosaoneka ndi maso amene amawononga chiwindi. Ndalama imene mukanalipira zilembo zisanu ndi zinayi za Chingelezizo muisunge, idzathandize kutumiza botolo limodzi ku ZABS, bungwe loona miyezo ya katundu, kuti akaliyeze. Mwana wa akulu anuyo, poti ali ku Lusaka komweko, ndiye akaperekeze.

FUNSO

Aphunzitsi, munandiphunzitsa giredi 7, tsopano ndine kaputeni wa timu ya mpira kuno ku Katete. Tinkafuna minibasi yotipititsa ku Petauke, mwini wake n'kutiuza kuti mtengo wa "charter" ndi wina, wokwera mmodzimmodzi ndi winanso. Ndamvanso kuti ndege zina zotera ku Mfuwe ndi za "charter". Kodi zikukhudzana ndi mafumu?

Wophunzira wanu wakale, Katete

YANKHO

Mwana wanga, funso lako lafika sabata imodzi ndi la amayi a ku Chadiza, choncho uyambe wawerenga pamwambapa. Mawu ndi omwewo, koma apa mfumu palibe. Uku ndi kuhaya galimoto yonse, iwe n'kukhala wonena kopita ndi nthawi yonyamuka.

Zinayambira pa zombo. Wamalonda akafuna kubwereka chombo chathunthu, iye ndi mwini chombo ankalemba pangano lawo kawiri pa chikopa chimodzi, pamwamba ndi pansi, kenako n'kuchidula pakati, aliyense kutenga chibenthu chake. M'Chilatini ankati charta partita, kalata yogawidwa. Pakabuka mkangano ankabweretsa zibenthu ziwirizo n'kuzilumikiza. Zikagwirizana m'mphepete, pangano ndi lomwelo, zikakana ndiye kuti wina wachita chinyengo. Amalinyero a Chingelezi anapotoza mawuwo kukhala charter party, ndipo mpaka lero pangano lobwereka chombo limatchedwa choncho, ngakhale kuti palibe phwando lililonse. Kuchokera pa zombo anafika pa ndege, kenako pa minibasi ya ku Katete.

Mtengo umakhala wina chifukwa mwini galimoto akuwerengera mipando yonse, mafuta opita ndi obwerera, ndi maola amene dalaivala adzakhale pansi pa mtengo kudikira kuti mutsirize mpira. Iweyo chita ngati amalonda akale aja. Ng'amba pepala m'kope, ulembe kawiri mtengo, ndalama imene mwapereka kale, ola lonyamuka ndi ola lobwerera, ndiponso kuti panjira asakweze munthu wina kapena matumba a makala. Musaine nonse awiri, lina atenge iye, lina upinde uike m'sokosi. Ndalama yotsala udzapereke minibasi itaima pa Katete madzulo, golokipa ndi mipira yonse zitatsika.